Mkungudza watha, luso la osema lisathere pomwepo

Mu July 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo amene ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Awa adakhala malo achitatu m'dziko muno kulandira ulemu wotere, kutsatira paki ya nyanja ya Malawi mu 1984 ndi zojambula zakale za pamiyala ya ku Chongoni mu 2006. Amalawi tidasangalala, ndipo kusangalalako kudali koyenera.

Koma ulemu pawokha suika nsima pambale. Funso lomwe mabanja a pa Likhubula, pa Chitakale ndi pa Limbuli ayenera kufunsa ndi ili: mlendo amene wamva mbiri ya phirili, wakwera mamita 3,002 mpaka pa Sapitwa n'kutsika, agula chiyani kwa ife choti akaonetse abale ake kwawo?

Kwa zaka zambiri yankho lidali losavuta. Mlendo ankagula kabokosi, ndodo yoyendera kapena chiboliboli cha mkungudza, mtengo wonunkhira uja umene chiswe chimauopa. Mtengowu, omwe akatswiri amautcha Widdringtonia whytei, sumera wokha kwina kulikonse padziko lapansi koma m'phiri la Mulanje basi, ndipo mu 1984 udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Koma kalembera yemwe adachitika mu 2017 adapeza mitengo yokhwima 7 yokha ndiyo idatsala chiimire. Macheka ndi moto wolusa zidamaliza nkhalango yonse.

Tisanamizane, amene adapulula mkungudza kwambiri ndi ocheka matabwa mozembera lamulo, osati wosema kabokosi. Komabe chilango chagwera onse. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira phirili abzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza si chimanga choti ubzale mu December n'kukolola mu April. Umatenga zaka makumimakumi. Wosema wa lero sadzaugwiritsanso ntchito, ndipo sayenera kutero.

Ndiye amisiriwa adye chiyani? Ife tikuti mbali ina ya yankho ikupezeka kumalo komwe ambiri sitingaganizire: kufakitale ina ya tizidole mumzinda wa Nottingham ku England.

Kampani ya Games Workshop idayamba mu 1975 mumzinda wa London. Adaiyambitsa ndi anthu atatu, John Peake, Ian Livingstone ndi Steve Jackson, ndipo malonda awo oyamba adali matabwa a masewero opangidwa pamanja. Mwa matabwawo mudali la masewero a mancala, omwe ndi pachibale ndi bawo wathu yemweyu. Mu 1983 kampaniyi idatulutsa masewero a nkhondo zongopeka otchedwa Warhammer, ndipo mu 1987 idaonjezera ena otchedwa Warhammer 40,000.

Kaseweredwe kake n'kotere. Anthu awiri amayala tizidole ta asilikali, akavalo, zinjoka ndi zilombo zina zam'nthano patebulo. Kachidole ka msilikali wamba kamatalika mamilimita pafupifupi 30, osaposa theka la chala chamkombaphala cha munthu wamkulu. Amayeza mtunda ndi tepi, amaponya madayisi, n'kumatsata buku la malamulo kuti aone gulu lomwe lapambana. Amene amasewera si ana okha. Ambiri ndi akuluakulu a ndevu zawo, apantchito, amabanja.

Tizidole timeneti tidapangitsa kuti m'chaka cha zachuma chothera pakati pa 2025 kampaniyi ipeze ndalama zoposa mapaundi 600 miliyoni. Mu December 2024 idalowa m'gulu la makampani 100 akuluakulu pamsika wa masheya wa ku London. Zonsezi kuchokera ku kanthu komwe kangathe kubisala m'bokosi la machesi.

Kapangidwe kake n'koyenera kukamvetsa, chifukwa phunziro lagona pamenepo. Kale mmisiri ankaumba kachidole koyamba pamanja ndi phala lina lomwe limauma gwa. Masiku ano ambiri amaumbira pakompyuta. Akamaliza, amagawa chithunzicho m'zidutswa: mutu pawokha, mikono payokha, chishango pachokha. Kenaka makina amagoba maonekedwe a zidutswazo m'zitsulo ziwiri zolimba zomwe zimatsekerana. Chimenechi ndi chikombole, monga chija timaumbira njerwa, kungoti ichi n'chachitsulo ndipo sichiphonya ngakhale ndi kamzere kochepa ngati tsitsi. Timibulu ta pulasitiki timasungunulidwa n'kupoperedwa mwamphamvu m'chikombolemo. Pakangopita kanthawi pang'ono pulasitiki yauma, chikombole chatseguka, zidutswa zatuluka zili chilumikizire kukafelemu. Chikombole chimodzi chimadula kwambiri kupanga, koma chikapangidwa chimabala tizidole masauzande ndi masauzande tofanana ndendende.

Pali njira zina ziwiri zotsikirapo mtengo. Ina ndi yothira chitsulo chofewa chosungunula m'chikombole cha labala chomwe chimazungulira mwaliwiro kuti chitsulocho chifike m'ngodya zonse. Ina ndi yothira mankhwala onga utomoni otchedwa resin m'chikombole chofewa. Njira ziwirizi sizilira makina odula, n'chifukwa chake timakampani tating'ono ta anthu awiri kapena atatu timazikonda.

Chodabwitsa n'chakuti wogula salandira chidole chomalizidwa. Amalandira zidutswa zotuwa, ndipo amadula yekha, kumata yekha ndi kupaka yekha utoto. Kampani imamugulitsanso utotowo, maburashi ake, guluu ndi mabuku a nthano za asilikaliwo. Ntchito yomwe ife tikadati ndi thangata, iwo adaisandutsa chisangalalo cholipira.

Nthawi iliyonse kampaniyi ikatulutsa tizidole tatsopano, pamabuka mtsutso pakati pa ogula. Mu 2015 idathetsa masewero akale a Warhammer n'kubweretsa atsopano otchedwa Age of Sigmar, ndipo ambiri omwe adatha zaka akusonkhanitsa magulu awo ankhondo adakwiya kwambiri. Mu January 2024 idabwezeretsa dziko lakalelo pansi pa dzina lakuti The Old World. Ena adavina ndi chimwemwe, pomwe ena adadandaula kuti tizidole tina tidachokera m'zikombole zakale koma mtengo wake ndi walero. Mu July chaka chomwecho idatulutsa bokosi la Skaventide la tizidole 74, momwe asilikali ovala zachitsulo akulimbana ndi makoswe oyenda ngati anthu. Apanso ena adayamikira ukatswiri wake, ena nati zokongoletsa zachuluka moti kupaka utoto kwasanduka chintchito.

Okonda zakale amati kachidole kachitsulo kamalemera bwino m'manja ndipo kamaonetsa dzanja la mmisiri. Okonda pulasitiki amati njosavuta kumata ndipo siphotchoka ikagwa. Pomwe kampaniyi idayamba kugulitsa tizidole ta resin totchedwa Finecast mu 2011, madandaulo adachuluka kamba ka timabowo ta mpweya ndi malupanga opindika. Ndipo tsopano kudabwera makina osindikiza zinthu zogwirika, a 3D, omwe munthu angathe kukhala nawo pakhomo n'kumadzipangira tizidole. Izi zadzetsa mkangano wina wa kuba luso la eni.

Ife sitilowerera kuti wolondola ndani pamikanganoyi. Chomwe tikuona n'chakuti anthu sakangana pa chinthu chomwe alibe nacho chidwi. Kodi ndi liti pomwe mudamva anthu akutsutsana za chiboliboli chatsopano cha wosema wa kwathu kuno? Sizichitika, chifukwa chatsopanocho chimasowa. Pitani pomwe amagulitsa ziboliboli ku Mulanje, ku Blantyre kapena ku Lilongwe, mukapeza njovu, mvuu, mpando wa amfumu ndi munthu wamtali wa mkondo wotengera Amasai a ku Kenya, monga momwe zidalili makolo athu ali anyamata. Luso lilipo lochititsa kaso, koma tonse tikusema chinthu chimodzi, ndiye wogula amangotipikisanitsa pamtengo mpaka mmisiri kugulitsa thukuta la sabata yonse pamtengo wa ndiwo za tsiku limodzi.

Phunziro loyamba ndi lakuti kukula kwa chinthu si ndiye mtengo wake. Chipika chomwe chimatuluka mvuu imodzi yaikulu chingathe kutuluka tizidole makumi angapo. Kachidole kakang'ono sikalira mkungudza kapena phingo. Zidutswa za malaina, jakaranda kapena mango zomwe akalipentala amasonkhera moto n'zokwanira, nsungwi ndi dothi nazonso zilipo. Mlendo wokwera ndege amawerengera kulemera kwa chikwama chake, ndipo kanthu kolowa m'thumba sakaganizira kawiri. Malamulo a zankhalango adakhwimitsidwa mu 2020, choncho mmisiri wosema zazing'ono ndi mitengo yobzala amagonanso tulo tabwino.

Phunziro lachiwiri ndi nthano. Anthu a ku Nottingham sagulitsa pulasitiki, amagulitsa nkhani. Msilikali aliyense ali ndi dzina, mtundu, adani ndi mbiri yake, ndipo zonsezo adachita kupeka. Ife sitifunika kupeka. Phiri la Mulanje ladzaza ndi nkhani: Napolo yemwe akamasamuka amagumula mapiri, mizimu ya ku Sapitwa yomwe akuti imasiyira apaulendo chakudya, Amwandionerapati afupiafupi aja. Tili ndi kalulu, fisi, kamba ndi njovu za m'nthano zomwe agogo ankatisimbira madzulo. Tili ndi gule wa Tchopa wa Alhomwe, yemwe UNESCO idamuzindikira mu 2014. Tili ndi mbiri ya linga la Fort Lister lomwe lidamangidwa mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogula akapolo, komanso ya John Chilembwe yemwe adaphedwa pa 3 February 1915 akulowera cha kumalire a Mozambique.

Otsogolera alendo ena amakonda kunena kuti J.R.R. Tolkien, mlembi wa The Lord of the Rings, adatengera maganizo ake m'phiri la Mulanje. Umboni wa zimenezi palibe, ndipo sitifunika kubwereka ulemu wa eni. Chomwe chili choona n'chakuti kuyambira mu 2001 Games Workshop yakhala ikupanga tizidole ta anthu a m'nkhani ya Tolkien, italipira chilolezo. Nkhani yabwino imagulitsidwa kawiri, katatu.

Ndipo pali china chomwe chiyenera kutidzutsa. Ku Britain kuli timakampani tomwe timaumba ndi kugulitsa tizidole ta ankhondo Achingoni, Achizulu ndi asilikali akuda a King's African Rifles, gulu lomwe agogo athu ambiri adalowa n'kukamenya nkhondo kutali. Makolo athu akugulitsidwa kale patebulo za masewero, oumba ndi ena, odyerera ndi ena. Sitikuti alakwa. Tikuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma ife wathu tamusiya kuti anunkhize ndi anzathu.

Phunziro lachitatu ndi chikombole. Wosema wathu akafuna tizidole 20 amasema ka 20. Mnzake wa kunja amaumba kamodzi mosamala kwambiri, n'kusiyira chikombole ntchito yotsalayo. Sitikulota kuti mawa pa Chitakale padzuka fakitale ya zikombole zachitsulo. Ndalama zake n'zambiri, ndipo magetsi athu tonse tikuwadziwa. Koma nzeru ya chikombole si yachilendo kuno. Oumba njerwa amaidziwa. Magulu a amayi oumba mbaula za Chitetezo amagwiritsa ntchito chikombole ndi uvuni. Amisiri osungunula zitsulo zakutha n'kupanga mapoto amathira m'chikombole chamchenga. Ku Dedza Pottery akhala akuumba ndi kuotcha tizidole tadothi toonetsa moyo wa Amalawi, ndipo ku Mua, pamalo a KuNgoni omwe adayambitsa bambo Claude Boucher mu 1976, osema adaonetsa kuti nkhani zathu zingathe kusemedwa mwaulemu n'kugulidwa. Chotsala ndi kulumikiza nzeru zimenezi.

Phunziro lachinayi ndi lakuti chinthu choseweretsa chimabweretsanso wogula. Munthu akagula mvuu imodzi wathana nazo, koma akagula ovina Tchopa atatu mwa khumi adzafuna otsalawo. Osema athu amapanga kale matabwa a bawo ndi a chess. Chingalepheretse n'chiyani kupanga masewero a ulendo wokwera Sapitwa, okhala ndi tizidole ta onyamula katundu, malamulo ake olembedwa m'Chichewa ndi m'Chingerezi? Mpikisano wothamanga m'phiri wa Porters Race ndi mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde zimasonkhanitsa khwimbi la anthu. Msika woyambira ulipo.

Tikudziwa kuti ena mwa awerengi athu sakhutira. Alipo amene anganene kuti masewero a nkhondo amaphunzitsa ana nkhanza. Nkhawayi njomveka, koma tiyeni tiyang'ane zomwe zili kale m'misika yathu. Nyengo ya Khirisimasi ikafika, pa Limbuli, pa Nkando ndi pa Luchenza pamadzaza mfuti zapulasitiki zochokera kunja, zomwe mwana amaloza nazo mnzake kumaso ndipo zimathyoka chaka chisanathe. Masewero apatebulo amafuna kuwerenga, kuwerengera, kudikira nthawi yako ndi kuvomera ukagonja. Pa bawo timadyerana nkhomo tsiku ndi tsiku, koma palibe amene adasanduka chigawenga kamba ka bawo.

Ena anganene kuti kuumba Napolo kapena mizimu ndi kusewera ndi zinthu zoopsa. Apa m'pofunika kudekha. Kwa mabanja omwe adataya abale pa ngozi ya madzi ku Phalombe mu March 1991 kapena pa namondwe wa Freddy mu March 2023, dzina la Napolo si nthabwala. Palinso zinthu za kudambwe ndi za kusimba zomwe eni ake salola kuti zionekere poyera. Choncho mmisiri asanaumbe, afunse mafumu ndi akuluakulu osunga mwambo kuti chololedwa n'chiti, choletsedwa n'chiti. Safunsa adadya phula. Koma kuopa kulakwitsa kusatichititse kukhala manja lende, chifukwa nkhani zosaopsa zilipo zambiri zedi.

Kwa inu makolo, nkhaniyi ikuyambira pakhomo panu. Mwana amene amakhalira kudambo kuumba ng'ombe zadothi, kapena kupinda mawaya kupanga galimoto yokhota ndi chiwongolero, akuchita ntchito yomweyo imene mmisiri wa ku Nottingham amalipidwa nayo: kuona chinthu m'maganizo n'kuchisandutsa chogwirika. Mu 1990 mlembi wa ku America, Karen Lynn Williams, adatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna mawaya, ndipo ana a m'maiko ena adadziwa liwu lathuli kudzera m'bukulo. Komatu kwathu kuno mwana wotere timamukalipira kuti akudetsa zovala. Sukulu aphunzire, ntchito zapakhomo agwire, koma dothi ndi mawaya musamulande. M'mera mpoyamba.

Chenjezo lokha ndi la chitetezo. Mwana asayerekeze kusungunula mtovu wa m'mabatire a galimoto kuti aumbire zidole. Mtovu ndi poizoni amene amaononga ubongo wa mwana mwakachetechete, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati palibe mlingo wa mtovu umene ndi wabwino m'thupi. Ngakhale opanga tizidole a kunja ambiri adausiya. Utoto wina wamafuta wopaka nyumba udapezekapo ndi mtovu, choncho zidole za ana zipakidwe utoto wosungunula ndi madzi. Ndipo tizidole tating'ono tisafike m'manja mwa ana osakwana zaka 3, chifukwa chilichonse amaponya m'kamwa ndipo angathe kutsamwidwa.

Kwa adindo, zopempha zathu n'zochepa ndipo n'zotheka. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti litukule maphunziro a ntchito zamanja, likonze maphunziro aafupi a kapangidwe ka zikombole ndi kapakidwe ka utoto kwa osema ndi oumba a ku Mulanje ndi Phalombe. Sukulu ya ukachenjede ya MUST, yomwe ili pa Ndata m'boma loyandikana nalo la Thyolo, pamodzi ndi ya MUBAS ku Blantyre, zitumize ophunzira a zauinjiniya kukagwira ntchito ndi amisiriwa. Wophunzira abweretse kompyuta, mmisiri abweretse diso ndi dzanja. Bungwe la COSOMA liwafotokozere amisiri kuti lamulo la umwini wa luso la 2016 silitetezera oimba okha, limatetezanso chosema ndi choumba. Khonsolo ya Mulanje ndi nthambi ya zokopa alendo zipereke malo aukhondo ogulitsira pafupi ndi pomwe alendo amayambira kukwera phiri, ndipo a zankhalango athandize magulu a osema kukhala ndi minda yawoyawo ya mitengo.

Kwa amisiri eni ake tikuti gwirizanani. Mutu umodzi susenza denga. Wina adziwe kuumba, wina kupaka utoto, wina kulemba nthano yake pakapepala, wina kusoka kathumba kachitenje koikamo. Lembani dzina lanu ndi la mudzi wanu pansi pa chilichonse chomwe mwapanga, kuti wogula adziwe kuti ichi n'cha ku Mulanje, osati cha paliponse. Ndipo chaka chilichonse tulutsani chatsopano, ngakhale chimodzi, choti anthu akambirane, ayamikire kapena adandaule.

Anthu atatu aja adayamba ndi matabwa a masewero osema pamanja, alibe phiri, alibe Napolo, alibe Tchopa. Ife zonsezi tili nazo. Mkungudza tidaulephera kuusamala, ndipo adzaudyerera ndi adzukulu ngati mbande zomwe zabzalidwa tizisunge. Luso la m'manja mwa osema ndi nkhani za m'mitu mwa agogo zikadalipo, koma nazonso zingathe kutha mwakachetechete monga udathera mtengo uja. Tisadikire kalembera wina kuti adzatiuze kuti amisiri atsala 7.